Shuga Anandipeza Ndikusankha Filimu

Chizindikiro choyamba chinabwera Loweruka lina masana m'mwezi wa Januwale, koma sindinachitenge ngati chizindikiro. Ndinali pakhonde kunyumba kwathu ku Phalula, laputopu ili pamiyendo, ndikuonera filimu. Mawu olembedwa m'munsi mwa zithunzi, othandiza kumva zimene anthu akuyankhula, ankaoneka ngati athiridwa madzi. Ndinapukuta galasi la laputopuyo ndi nsonga ya chitenje, koma sizinasinthe. Ndinati vuto ndi filimuyo poti ndi yakale kwambiri.

Ndine mphunzitsi wa Chingerezi pa sekondale ina yoyendera m'dera lathu lino, ndipo nthawi imeneyo ndinali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Ana anga a Fomu 4 ankawerenga buku lina lakale, lolembedwa kunja zaka zoposa zana zapitazo. Limakamba za mtsikana amene anachoka kwawo atakangana ndi bambo ake, n'kukagwira ntchito yosoka kutauni yakutali. Patapita zaka analandira kalata yoti bambo akewo akudwala. Chifukwa cha mkwiyo, kalatayo anaisunga milungu iwiri osachitapo kanthu. Pomwe ankanyamuka mvula inali itayamba, ndipo anakhala masiku atatu patsidya pa mtsinje wosefukira. Atafika kwawo anapeza maliro ataikidwa kale.

Bukuli ndi lalitali, komanso pasukulu tinali nawo ochepa. Mphunzitsi mnzanga anandipatsa mafilimu awiri opangidwa kuchokera m'buku lomweli kuti ndionetse ana. Ahedi anandilola kugwiritsa ntchito holo ndi jenereta masana amodzi okha, choncho ndinayenera kusankha imodzi.

Yakale ija ilibe mitundu, ndi yakuda ndi yoyera basi. Imatsata buku tsamba ndi tsamba. Pamene mtsikanayo wafika pamtsinje, filimu imakhala pomwepo pafupifupi mphindi khumi popanda woyankhula, iye akungoyendayenda m'mbali mwa madzi. Ine malo amenewa ndinkawadumpha nthawi zonse. Yatsopano ndi yamitundu yowala, nyimbo zake n'zokoma, ndipo imathamanga. Koma anasintha mathero. Mtsikanayo amawoloka mtsinje tsiku lomwelo atakwera hatchi, amapeza bambo ake akupumabe, ndipo amakhululukirana. Ndinkadziwa kuti ana aikonda imeneyi. Ndinkaopanso kuti pamayeso adzalemba za hatchiyo, chikhalirecho m'buku mulibe. Ndinaonera mafilimu onse awiri kangapo osamanga mfundo, ndipo ulendo uliwonse zilembo zija zinkanka ziipiraipira, ngakhale pa filimu yatsopano.

Mu Febuluwale ludzu linakula. Ndinkalowa m'kalasi ndi botolo la madzi, likamatha phunziro botolo latha, kukhosi kuli gwa. Kawiri konse ndinasiya ana pakati pa phunziro kuthamangira kuchimbudzi. Masiketi anayamba kukhwepa m'chiuno mpaka ndinkawamanga ndi pini. Ndinkatopa, koma kukhala pansi sindinkatha. Ndikakhala ndinkafuna kuimirira, ndikaimirira ndinkafuna kugona. Mapazi ankachita dzanzi madzulo.

Anzanga mu ofesi ya aphunzitsi anayamba kundiyang'ana mwachisoni, ndipo ndinadziwa chimene ankaganiza. Ndinapita kuchipatala chaching'ono kukayezetsa kachilombo. Sanandipeze nako. Namwino anandifunsa ngati panali vuto lina lomwe ndinkafuna kumuuza. Ndinayang'ana wotchi, ndinaona kuti phunziro langa likuyamba posachedwa, ndipo ndinayankha kuti iyayi, ndinangofuna kudziwa basi. Ndinatuluka mosangalala ngati kuti ndauzidwa kuti ndilibe matenda aliwonse. Loweruka lotsatira ndinakagula magalasi pamsika wa Balaka, osankha poyesa kuwerenga nyuzi yakale. Anandithandiza mlungu umodzi.

Kumayambiriro kwa Malichi tinapita kumunda wathu ku Rivirivi pamodzi ndi amuna anga, bambo a Chifundo. Ndinavala mapatapata. Pobwerera iwo ndi amene anaona magazi paphazi langa lamanzere. Ndinali nditaponda kachitsa kosongoka komwe kanalowa m'munsi mwa chala chaching'ono, koma sindinamve kalikonse. Ndinatsuka ndi madzi a mchere, ndinamanga kansalu, Lolemba ndinavala nsapato kupita kuntchito. Patatha milungu iwiri bala linali lisanapole. Linayamba kutuluka mafinya ndipo chala chinada. Bambo a Chifundo anandiuza katatu kuti tipite kuchipatala. Ndinawayankha kuti ndimalize kaye kuchonga mayeso a teremu. Zoona zake n'zakuti balalo silinkapweteka, ndiye ndinkaliona ngati laling'ono.

Sukulu zitatsekedwa pa tchuthi cha Pasaka, ndinanyamuka ulendo wokaona mayi anga ku Nayuchi, komwe ndinabadwira. Mng'ono wanga Lusiya, amene amakhala ndi mayiwo, anali atabwera ku Balaka kudzagulitsa mpunga, ndipo tinakwera sitima limodzi. M'mawa umenewo ndinadzuka thupi litatentha. Ndinati ndi malungo, ndikamwa mankhwala ndikafika. M'sitima munali modzaza ndiponso motentha. Ndinamwa madzi anga onse, ndinamwa a Lusiya, ndinagulanso thobwa pawindo. Kenako ndinayamba kusanza. Ndikukumbukira kuti ndinaona madzi a Shire ngati chinsalu choyera, ndipo Lusiya ankanditchula dzina mobwerezabwereza. Zotsatira ndinachita kuuzidwa. Amayi ena m'sitimamo anamuthandiza kunditsitsa pa Liwonde, ndipo mwini galimoto wina anatitengera kuchipatala.

Nditatsitsimuka ndinali pabedi, diripu ili pamkono. Namwino anandibaya pachala n'kuika kadontho ka magazi pa kamakina. Anandiuza kuti kamakinako sikanaonetse nambala chifukwa shuga anali atakwera kupitirira pomwe kamatha kuwerenga. Dokotala atabwera anamasula kansalu kanga kaja, anayang'ana nthawi yaitali, ndipo anafunsa:

"Mayi, bala ili lakhala nthawi yaitali bwanji?"

"Milungu itatu," ndinatero. Inali isanu.

"Muli ndi matenda a shuga, ndipo sanayambe lero. Ndi amene aphetsa mitsempha ya kuphaziku, n'chifukwa chake simukumva kuwawa. Tiyamba ndi kutsitsa shugayo ndi kukupatsani mankhwala a bala. Za phazi sindingalonjeze kanthu panopa. Tiliona masiku angapo."

Anatenga cholembera n'kujambula mzere paphazi panga, kuzungulira pomwe kutupa kunalekezera. Anati kutupako kukadutsa mzerewo kulowera kumwendo, nkhani idzakhala ina.

Moyo wa mu wodi uli ndi ndondomeko yake. M'mamawa amayeza shuga ndi kutentha kwa thupi, kenako jakisoni wa insulini. Okolopa akamaliza, magadiyani amatuluka ndipo madokotala amayendera bedi ndi bedi. Ikakwana nthawi yotsuka mabala, namwino amabwera ndi kangolo kake ka zitsulo, ndipo wodi yonse imakhala chete. Zonsezi zimatha nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Zotsala ndi kudikira. Ine amene ndinazolowera kuyenda m'kalasi tsiku lonse ndinauzidwa kuti ndisaponde pansi ndi phazi limenelo. Ndinkatembenuka pabedi mpaka nsalu zinkagwa. Maso anali ataipiratu, moti nkhope ya munthu woima kumapazi kwa bedi ndinkaiona mwachimbuuzi. Mzere uja sindinkatha kuuona. M'mawa uliwonse Lusiya, amene anatsala nane ngati gadiyani, ankawerama kuuyang'ana, ine n'kumayang'ana iye.

"Achemwali, sikunadutse," ankatero. Tsiku lachinayi anazengereza pang'ono asanayankhe, ndipo tsiku lonselo sindinadye.

Pabedi loyandikana nane panali mayi wina wachikulire wa ku Ntaja, Abiti Saidi, amene kale ankagulitsa nsomba zouma. Nawonso anali ndi shuga, ndipo anali atawadula mwendo m'munsi mwa bondo milungu iwiri ine ndisanabwere. Masiku oyamba ndinkapewa kuyang'ana bulangete lawo, pomwe linkatsika mwadzidzidzi. Iwo ankandipatsa moni m'mawa uliwonse m'Chiyao, kenako m'Chichewa, ndipo ndinkayankha mwachidule.

Mafilimu aja ndinali nditawaika m'foni. Tsiku lachisanu masana, pofuna kuti mutu usiye kuganiza za phazi, ndinatsegula yakale ija n'kuika foni pachifuwa, ndikungomvera mawu. Abiti Saidi anafunsa kuti azunguwo akukanganirana chiyani. Ndinawafotokozera. Anapempha kuti aone nawo. Lusiya anakankha kabati yomwe inali pakati pathu n'kutsamiritsa foni pa kapu. Kuyambira pamenepo tinagawana ntchito. Iwo maso anali akuthwa koma Chingerezi sankachimva. Ine ndinkamva koma sindinkaona. Ndinkawamasulira zoyankhulidwa, iwo n'kumandiuza zochitika.

Tinkaonera pang'onopang'ono chifukwa foni inkafunika kukatchajitsa kunja kwa mpanda. Yakale inatitengera masiku atatu. Titafika pamtsinje paja ndinatambasula dzanja kuti ndidumphe monga mwa chizolowezi changa, koma iwo anandiletsa.

"Asiyeni, aphunzitsi. Mwanayu akuchita zinthu apa."

"Akungoyendatu basi."

"Iyayi. Watulutsa kalata ija, waipinda, waibweza. Waitulutsanso. Tsopano wavula nsapato, waponda m'madzi, wabwerera. Nsapato zake zang'ambika kuchidendene. Uyo wopalasa bwato wamubweretsera chakudya, sanachikhudze."

Filimu imeneyi ndinali nditaionera kasanu, koma zonsezi sindinazidziwe. Ndinagona chagada ndikumvera phokoso la madzi ndi mawu a Abiti Saidi mpaka mphindi khumi zija zinatha. Kenako mtsikana uja anafika pamanda. Abiti Saidi anatembenukira kukhoma n'kupempha Lusiya kuti awatungire madzi oti asambe m'manja, nthawi ya swala, pemphero lawo la Chisilamu, inali itakwana.

Tsiku lachisanu ndi chitatu anandijambula phazi. Dokotala anati kutupa sikunadutse mzere, koma fupa la chala chaching'ono linali litaonongeka ndipo mankhwala sakanatha kulipulumutsa. "Tikachotsa chalachi, phazi litsala. Tikachisiya, titaya zambiri," anatero. Bambo a Chifundo, amene ankabwera kuchokera ku Phalula masiku awiri aliwonse, analipo tsiku limenelo. Sanandikumbutse kuti anandiuza kale zopita kuchipatala. Ndinasaina pepala osaona bwinobwino pomwe ndikusaina, iwo atandigwira dzanja.

Madokotala anandiuza kuti ndilowa kufiyeta, kuchipinda cha opaleshoni, Lachitatu. Ndinakhala osadya kuyambira m'mawa, atandiveka kale chovala chobiriwira. Masana kunabwera mayi woyembekezera amene moyo wake unali pachiswe, ndipo ine anandisunthira Lachisanu. Chinali chifukwa chomveka, koma masiku awiri amenewo anali ovuta kuposa ena onse. Ndinkauza Lusiya kuti ayang'ane mzere pafupifupi ola lililonse mpaka anandikalipira, zomwe sanachitepo chibadwire.

M'masiku awiri amenewo ndi momwe tinaonera filimu yatsopano. Abiti Saidi anaiseka kuyambira pachiyambi. Anati mtsikana wosoka zovala za anthu sangakhale ndi manja osalala choncho. Anati bambo wodwalayo ndi wonenepa kuposa dokotala wake. Mtsikanayo atawoloka mtsinje pahatchi anaomba m'manja n'kunena kuti diresi lake latuluka louma ngati langochoka pachingwe. Ndinali wotsimikiza kuti agwirizana nane kuti yakale ndiyo yabwino, popeza m'masiku amenewo ndinali nditasintha maganizo. Itatha ndinawafunsa.

"Yoyamba ija ndi yoona," anatero. "Koma mukandifunsa yoti ndionerenso, ndi iyi."

"Chonsecho mwaiseka njira yonse."

"Ndaiseka, eya. Koma wafika, wawapeza bambo ake. Zochedwa ine musandionetse, aphunzitsi, ndikuzidziwa kale. Bala langa ndinakhala nalo miyezi inayi ndikuthira phulusa ndi mankhwala a m'mabotolo. Yoyamba ija kaonetseni ana anu, amene miyendo yawo ili yonse."

M'kalasi ndinkaphunzitsa kuti filimu yabwino ndi yokhulupirika ku buku, ndipo sindinaganizepo kuti zimatengeranso amene akuonerayo ndi pomwe wagona.

Lachisanu m'mawa anandilowetsa. Anandibaya jakisoni pamsana, kumunsi konse kunachita dzanzi, ndipo ndinali maso mpaka kumaliza. Sizinatenge nthawi. Masana ndinali nditabwerera pabedi langa, phazi litakulungidwa bandeji yaikulu. Patatha masiku atatu, potsuka bala, namwino anati mnofu wake ndi wofiira bwino, ndipo ndi mawu amene ndinkawadikira. Shuga anayamba kutsika. Namwino wina anakhala nafe, ine ndi Lusiya, kutifotokozera za kadyedwe, za kusamala mapazi, komanso zizindikiro za shuga akatsika kwambiri. Anandiuzanso kuti magalasi a pamsika aja ndiwasiye, chifukwa maso amasintha shuga akamatsika, ndipo ndidikire milungu ingapo ndisanakayezetse.

Abiti Saidi anatuluka masiku anayi ine ndisanatuluke. Mwana wawo wamkazi anawakankha panjinga ya olumala mpaka pakhomo la wodi, ndipo iwo anamuuza kuti aime. Anandiuza kuti ndikafika kwathu ndisakathamange, ntchito siithawa. Sitinaonanenso, koma Lusiya anatenga nambala ya mwana wawoyo, ndipo tinamva kuti Abiti Saidi anayamba kuyenda ndi ndodo ziwiri.

Ndinatuluka nditakhala milungu itatu ndi masiku awiri. Ku Nayuchi sindinafikeko ulendo umenewo. Mayi anga ndi amene anakwera sitima kudzandiona ku Phalula, ndipo anakhala mwezi wathunthu. Bala linapola patatha milungu isanu ndi iwiri. Maso anayamba kuwala pang'onopang'ono, ndipo m'mawa wina ndinapezeka kuti ndikuwerenga kalendala yapakhoma ndili pabedi.

Kusukulu ndinabwerera kumapeto kwa Meyi, mayeso atayandikira. Masana anga aja a holo ndi jenereta anali akadalipo. Ndinaonetsa filimu yakale yonse, osadumpha pamtsinje, ndipo ndinauza ana kuti ayang'anitsitse manja ndi mapazi a mtsikanayo. Ena anayasamula. Nthawi yotsala ndinaonetsa mathero okha a yatsopano, holo yonse n'kuombera m'manja hatchi. Ndinawachenjeza kuti amene alembe za hatchi pamayeso asadzanene kuti ndinamuphunzitsa ine. Kenako ndinawafunsa chifukwa chimene opanga filimuyo anasinthira mathero, ndipo mtsutso wake unapitirira mpaka mlonda anabwera kudzatseka. Mpaka lero ndikafunsidwa kuti yabwino ndi iti, ndimayankha kuti yakale inapangidwa mwaluso kwambiri, koma yatsopanoyo sindiinyozanso monga ndinkachitira.

Tsopano patha chaka ndi miyezi isanu. Insulini anandisiyitsa, ndimamwa mapiritsi m'mawa ndi madzulo. Mwezi uliwonse ndimapita kukiliniki ya shuga ku Balaka, buku langa lakuchipatala lili m'manja, ndipo ndimakhala pamzere mpaka nthawi yanga itakwana, ngakhale kuti mtima wothamanga uja sunatheretu. Tiyi ndimamwa wopanda shuga. Ndimadya mgaiwa pang'ono, ndiwo zamasamba zambiri. Kumunda ndimavala nsapato zotseka. Madzulo aliwonse ndimayang'ana kunsi kwa mapazi ndi kagalasi, chifukwa dzanzi silinathe ndipo dokotala anati mwina silidzatha. Nditayezetsa maso anandipatsa magalasi oyenera, ndipo anati kumbuyo kwa diso sikunaonongeke. Ndimayenda bwino. Amene sadziwa sangazindikire kanthu. Bambo a Chifundo ndi Lusiya nawonso anakayezetsa. Lusiya anamupeza shuga atayamba kukwera, ndipo akumusamala asanamuvulaze paliponse.

Kwa aliyense amene akuwerenga, makamaka anzanga otanganidwa amene amati apita kuchipatala akamaliza ntchito yakuti: ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kuwonda kosadziwika chifukwa chake, maso a chimbuuzi, mapazi a dzanzi, kapena bala lomwe lakana kupola, zonsezi si zoyembekezera tchuthi. Bala losapweteka ndi limene muyenera kuliopa kwambiri. Namwino akakufunsani ngati pali vuto lina, musayang'ane wotchi, nenani zonse, ngakhale zooneka zazing'ono. Pemphani kuti akuyezeni shuga. Amangobaya kamodzi pachala cha kudzanja, ndipo zotsatira zimatuluka musanadzuke pampando. Ine ndinazengereza miyezi itatu kuti andibaye kamodzi kokhako, ndipo lero ndikamavala nsapato ndimawerenga zala zisanu ndi zinayi.